ZA M'BANJA NDI ZA M'DZIKO: Mphindi 20 za ku Likoma



Mwezi uno tifuna kuyankha funso limene ana a sukulu akonda kufunsa akaona ndege ilikudutsa pamwamba pa minda ya nzimbe, ndipo akulu omwe alifunsa mumtima, ngakhale achita manyazi kulitulutsa pakamwa. Funsolo ndi ili: kodi kuchokera pa bwalo la ndege la ku Dwangwa kukafika pa bwalo la pa chilumba cha Likoma pali mtunda wotani, ndipo ndege itenga nthawi yanji? Yankho lake ndi lalifupi. Munthu akayala mapu pa tebulo, natambasula ulusi pakati pa mabwalo awiriwa, apeza makilomita ngati 80, ndiwo mailosi 50 m'kawerengedwe kakale. Ndege yaing'ono ya injini imodzi, youluka makilomita 240 pa ola, itha mtunda umenewu pa mphindi 20. Mai amene wateleka madzi a nsima pamene ndegeyo ilikunyamuka adzayamba kuomola iyo itatera kale kutsidya.

Koma yankho lalifupi lotere litha kusokeretsa munthu, monga chisokeretsa chilumba chooneka pafupi tsiku la bata. Chifukwa chake tifuna kulimasula pang'onopang'ono, kuti tione chimene mphindi 20 zimenezi zitanthauza kwa ife amene sitikwera ndege, ndi chimene banja lachikristu liyenera kuphunzirapo.

Poyamba tione kawerengedwe kake, kuti ana athu atolepo masamu. Nthawi ya ulendo ipezeka pogawa mtunda ndi liwiro. Koma ndege iyenda m'mphepo monga bwato uyenda pa mtsinje wa Bua: wopalasa motsata madzi afika msanga, wopalasa mokwera madzi achedwa. Mphepo ya makilomita 40 pa ola ikaomba kumaso kwa ndege, liwiro lake litsika kufika 200, ndipo mphindi 20 zija zisanduka 24. Ikaomba kumbuyo, liwiro likwera kufika 280, ndipo mphindi zitsala 17. Taonani chodabwitsa: kupita ndi kubwera tsiku la bata ndi mphindi 40, koma tsiku la mphepo ndi 41, pakuti chimene mphepo ilanda popita siibweza chonse pobwera. Oyendetsa ndege sawerenga makilomita monga ife ai, koma mailosi a pa nyanja, ndipo mailo imodzi yotere ndi mamita 1,852. Muyeso umenewu adautenga kwa amalinyero, kotero kuti kwa woyendetsa ndege ndi kwa woyendetsa sitima yemwe, Likoma ali pa mailosi 43 kuchokera ku Dwangwa.

Pa mphindi za m'mwambazo tionjezepo zina. Ndege iyamba yatenthetsa injini, niyenda pansi kufikira kumathero kwa bwalo; pokwera kumwamba siithamanga monga ichitira itakhazikika; ndipo pofika pa bwalo laling'ono woyendetsa wanzeru ayamba wazungulira, kuti aone kumene mphepo ichokera, ndi kuti pa bwalo palibe mbuzi, ng'ombe kapena ana osewera. Chotero tinene theka la ola. Asananyamuke ayesa katundu pa sikelo nawerenga kulemera kwa anthu, pakuti ndege yaing'ono siili ngati matola amene sadzaza. M'mwezi wa October, pamene mchenga uotcha mapazi, mpweya wotentha upepuka, ndipo mapiko afuna kuthamanga mtunda wautali kuti anyamule katundu yemwe uja adamnyamula mosabvuta m'nyengo yachisanu. Woyendetsa atenganso mafuta oposa a ulendo wake, okwanira kubwerera kapena kukatera pa bwalo lina ngati mitambo yatseka kumene apita. Mabwalo ambiri ang'onoang'ono alibe nyali, ndipo dzuwa likalowa ulendo ugona. Muone bwino apa, abale athu: munthu amene ali ndi makina aliwiro koposa onse ndiye amene akonzeka nthawi yaitali koposa asananyamuke.

Tsono tiyese mtunda womwewo ndi miyendo yathu. Munthu wa ku Dwangwa wofuna kukaona mbale wake ku Likoma ali ndi njira ziwiri. Yoyamba, akwere galimoto pa mseu wa M5 kulowera kumpoto, makilomita oposa 130, kufikira ku Nkhata Bay, ndipo kumeneko adikire chombo chomuolotsa makilomita ena ngati 70, chimene mwina chiyamba chaima pa Chizumulu. Yachiwiri, imene makolo athu adaizolowera kwa zaka zambiri, ndiyo kutsikira kumwera ku Nkhotakota ndi kulinda Ilala pa gombe. Sitima imeneyi adaipanga ku Glasgow mu 1949, naibweretsa zidutswazidutswa, naimanganso ku Monkey Bay, ndipo idayamba kuyenda mu 1951. Ulendo wake udakhala wa kamodzi pa sabata kupita kumpoto, ndi kamodzi kubwerera kumwera. Akulu akumbukira bwino m'mene inkaponyera nangula patali ndi gombe la Nkhotakota chifukwa cha kuchepa kwa madzi, ndipo anthu ankaifikira pa maboti ang'ono, ana kumsana, matumba a mpunga ndi a chinangwa pamutu, madzi m'chiuno. Kuchokera pamenepo kufika ku Likoma ndi makilomita oposa 100, ndiwo maola ambiri pa madzi. Ndipo wochedwa ola limodzi pa gombe wachedwa sabata lathunthu. Pa njira zonse ziwirizi munthu atha tsiku kapena masiku, pa mtunda umene ndege iudula pa theka la ola.

Ngakhale mseu umene tiukhulupirira suli wathu masiku onse. Kumapeto kwa February 2024 madzi osefukira adadula mseu wa M5 m'dera la Dwangwa, ndipo midzi ina siinkafikika koma pa boti. Masiku amenewo chipatala chimene dzulo lake chidali pafupi chidasanduka chakutali, ngakhale sichidasunthe pamalo pake.

Kale lomwe mtunda wa pa nyanja ino unkawerengedwa ndi mphepo yokha. Zombo za matanga za Jumbe zinkalinda pa doko la Nkhotakota kufikira mphepo itabvomera, ndipo zinkaoloka zitadzaza minyanga ya njobvu ndi akapolo, ana a anthu amene sadaonenso kwao. David Livingstone adafika kuno mu 1861 ndi mu 1863, naona malonda oipawo. Abambo Oyera amene adakhazika misoni ya Mua mu 1902 ankayenda pansi pamodzi ndi amtengatenga, ndipo munthu wosenza katundu atha mailosi 15 kapena 20 pa tsiku. Kwa iwo mailosi 50 adali masiku atatu. Ndege zidabwera pambuyo pake. Mu 1949 ndi 1950 ndege zazikulu zotera pa madzi, za kampani ya BOAC, zinkaima pa Cape Maclear pa ulendo wao wochokera ku England kunka ku Johannesburg. M'zaka zotsatira, tindege tating'ono totchedwa Beaver, ta kampani ya Central African Airways, tinkatera pa mabwalo audzu a m'maboma titanyamula makalata ndi anthu owerengeka. Masiku ano mlendo wochokera kunja atera ku Lilongwe, nakwera ndege yaing'ono imene imfikitsa ku Likoma, makilomita oposa 200, pa ola limodzi lokha, ndipo madzulo ake alikuyang'ana kale tchalitchi chachikulu cha Petro Woyera, chimene abale athu a mpingo wa Anglikani adayamba kumanga mu 1903.

Sitinena izi mwa kaduka ai. Mlendo abweretsa ntchito kwa ana athu, ndipo ndege idapulumutsapo odwala ambiri m'maiko ambiri. Nzeru yoipanga ndi mphatso ya Mulungu. Koma tinene zoona: pakati pa Dwangwa ndi Likoma palibe ndege yoyenda sabata ndi sabata monga basi. Wofuna kuuluka mphindi 20 zija ayenera kubwereka ndege yonse, ndi kulipiranso ulendo wake wodzamtenga. Mpando umodzi wokha wochokera ku Lilongwe udya ndalama zimene mlimi wa mpunga kapena msodzi wa usipa sazigwira m'miyezi yambiri. Mtunda wa pa mapu ndi umodzi kwa onse, koma nthawi ya ulendo isiyana monga lisiyana thumba. Chotero ife, amene tili ambiri, tisamawerenga masiku athu ndi wotchi ya ndege. Mtima wa munthu wa masiku ano wazolowera msanga: mau a pa lamya afika ku Likoma m'kuphethira kwa diso, ndalama ziyenda pa foni, ndipo tiyamba kuganiza kuti thupi lomwe liyenera kufika msanga chomwecho. Apa ndi pamene pali msampha.

Nyanja ino yatiphunzitsa kale, ndipo maphunziro ake adalipidwa ndi miyoyo. Pa 2 September 1895, Episkopi Chauncy Maples, atangodzozedwa kumene ku London, adali pa ulendo wobwerera ku mpando wake wa ku Likoma pa boti la matanga. Namondwe adawapeza pa nyanja, boti lidagubuduzika, ndipo iye pamodzi ndi mnzake Joseph Williams adamira. Thupi la episkopiyo adadzaliika m'manda kuno ku Nkhotakota, asanaonenso chilumba chimene mtima wake udachilakalaka. Pa 30 July 1946, m'nyengo ya mwera, sitima yatsopano ya Vipya idamira pafupi ndi Florence Bay, kumene lero titchula Chitimba, ndipo anthu 145 adatsikira nayo pansi. Ndipo tonse tikumbukira tsiku la 10 June 2024, pamene ndege ya asilikali idanyamuka ku Lilongwe kunka ku Mzuzu, ulendo wa mphindi 45 zokha, itanyamula wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, a Saulos Chilima, ndi anthu ena 8. Nyengo idali yoipa kumpoto. Ndegeyo siidatere ku Mzuzu, ndipo idapezeka mawa lake m'nkhalango ya Chikangawa, onse atamwalira. Iwo adali pa ulendo wa kumaliro.

Sititchula akufa amenewa kuti tiwaweruze. Kuweruza si kwathu, ndipo tiwakumbukira pa Misa. Tiwatchula kuti tizindikire kuti nthawi yolembedwa pa pepala ndi chiyembekezo chabe. Mphindi 20, mphindi 45, maola 6: zonsezi zikhala zoona pokhapokha mphepo, mitambo ndi mafunde zitalola. Akulu adati kuthamanga si kufika. Paulo Woyera, pamene ankamtengera ku Roma ali wandende, adachenjeza pa chilumba cha Krete kuti nyengo yoyenda pa nyanja yapita. Koma mkulu wa asilikali adamvera woyendetsa ndi mwini chombo, ndipo adazunzika masabata awiri m'namondwe kufikira chombo chidasweka pa Malta. Pa gombe lililonse pali mau awiri, ena oti tiyeni, ena oti tidikire. Ndipo kawirikawiri mau oti tidikire ndi amene alibe abwenzi.

Nanga tsono tinene kuti kufulumira konse ndi koipa? Iai. Pali kufulumira kwina kumene Eklezia akutamanda pa kolona, pa chinsinsi chachiwiri cha chimwemwe. Amai Maria atamva kwa mngelo kuti mbale wao Elizabeti ali ndi pakati pa miyezi 6, sadalinde uthenga woti nthawi yakwana. Adanyamuka pomwepo kunka ku mapiri a Yudeya, ulendo wa masiku angapo, nakhala kumeneko ngati miyezi itatu. Liwiro lao lidali la kunyamuka msanga. Kumeneku ndiko kufulumira kumene wosauka aliyense atha kukugula, pakuti sikufuna ndege kapena mafuta. Amene alibe mapiko ayenera kulawira. Ndipo kuti mau amenewa asatsale m'mwamba, tiwatsitse pansi pa zinthu zisanu za m'nyumba zathu.

Choyamba, za amai oyembekezera. Inu abambo, musalinde kuti zowawa ziyambe usiku, mvula ilikugwa, mlatho utamira, ndi pamene muyambe kuthamanga kufuna njinga yamoto. Anamwino akanena tsiku, perekezani mkazi wanu kuchidikiro masiku akadalipo, ndi ufa, nkhuni ndi womdikirira. Masabata awiri a kuchidikiro aoneka ngati kutaya nthawi ya kumunda. Koma mwamuna amene adataya mkazi pa njira apereka munda wonse kuti masabata awiriwo abwerere, ndipo sabwerera. Madzi akatayika saoleka.

Chachiwiri, za odwala. Matenda akakula pa chilumba kapena m'mudzi wakutali, ndipo a chipatala anena kuti wodwala apite ku chipatala chachikulu, musazengereze ndi misonkhano ya abale kufikira chombo cha sabata limenelo chitapita. Malume amene ali kutali amvere pa lamya. Chimodzimodzinso kuitana wansembe: Sakramenti la kudzoza odwala ndi la amoyo, ndipo wodwala ayenera kulapa ndi kulandira Ukaristia akadali ndi nzeru zake. Mabanja ambiri atuma mthenga pamene mpweya ulikutha, ndipo Bambo Mfumu, amene ali ndi midzi yambiri ndi mseu woipa, afika nthawi ya nyimbo za maliro. Uzani akulu a mphakati msanga. Palibe wansembe amene adandaula kuti adaitanidwa tsiku lisanafike.

Chachitatu, za maliro. Tidziwa kulemera kwa mwambo wathu, ndi manyazi amene agwera mwana wosafika pa maliro a kholo lake. Koma inu akulu a banja, musaumirize mwana wanu kuoloka nyanja pa boti lodzaza m'miyezi ya mwera, kapena kukwera galimoto yothamanga usiku, kuti angoona nkhope bokosi lisanatsekedwe. Nenani naye momveka kuti abwere nyanja ikagona, kuti mudzamperekeza kumanda, ndi kuti Misa yopempherera womwalirayo ithandiza mzimu wake kuposa misozi ya pa tsikulo. Mudzi umene ulira maliro amodzi usaitane achiwiri. Ndipo inu ana okhala kutali, ku Lilongwe, ku Blantyre kapena ku Joni, mudziwa kuti kholo lanu lakalamba. Bwerani likadali ndi maso okuonani. Ulendo wa kwa wamoyo mutha kusankha tsiku lake. Ulendo wa kumaliro tsiku lake likusankhani.

Chachinai, za pa gombe. Mwini boti akanena kuti lero nyanja yakana, musamnyoze kuti ndi wamantha, ndipo musamnyengerere ndi ndalama zoonjezera. Iye alikuchita chomwe achita woyendetsa ndege wabwino amene abwerera pa njira poona mitambo. Ngati ndi iye amene afuna kupakira anthu pamwamba pa matumba kufikira madzi afika m'milomo ya boti, tsikani inu, ngakhale mwalipira kale. Ndipo funsani zobvala zoyandamitsa munthu, makamaka za ana. Lamulo lachisanu la Mulungu, loletsa kupha, liletsanso kuika moyo wathu ndi wa anzathu pa ngozi popanda chifukwa. Inu eni maboti amene muli Akristu, kumbukirani kuti ndalama ya munthu mmodzi woonjezera mudzaiwerenga pamaso pa Mulungu.

Chachisanu, za mtima. Woyendetsa ndege sanyamuka asanazungulire ndege yake ndi kuyang'ana mapiko, matayala ndi mafuta, ngakhale ulendo uli wa mphindi 20. Nafenso tisatuluke pakhomo tisanayang'ane za mumtima. Ngati pali mau owawa pakati pa mwamuna ndi mkazi, athe chitseko chisanatsekedwe. Ngati pali ngongole, banja liidziwe. Ngati papita miyezi osalapa, Loweruka lisanafike ulendo ndilo tsiku lake. Ndipo banja ligwade pamodzi, lichite chizindikiro cha mtanda, lipereke wapaulendo m'manja mwa Amai Maria ndi mwa mngelo wake womsunga. Zimenezi sizitenga ngakhale mphindi 5.

Kwa ana amene adafunsa funso lija tinena kuti: mwafunsa bwino, ndipo pitirizani kufunsa. Tengani mapu a kusukulu, muyese mtunda wochokera ku Nkhotakota kufika ku Salima, ku Kasungu ndi ku Mzuzu, muugawe ndi liwiro la ndege, la basi, la njinga ndi la miyendo, ndipo muonetse makolo anu zimene mwapeza. Mwina pakati panu pali amene adzayendetsa ndege, kapena amene adzamanga madoko ndi milatho yosakokoloka, kapena dokotala amene adzabvomera kukhala pa chilumba kuti odwala asamaoloke. Ameneyu adzafupikitsa mtunda wa anthu osauka koposa ndege iliyonse. Koma kufikira tsiku limenelo, sungani mau a agogo anu akuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo muonjezepo awa: wopanda mapiko alawire m'mamawa.

Mwezi wamawa, Mulungu akalola, tidzakambirana za kusunga mpunga wa mbeu, ndi za ngongole za katapila zimene zidya mbeuyo isanafesedwe. Pakali pano tipempherere onse a pa ulendo, a m'mwamba, a pa madzi ndi a pa mseu, ndi mizimu ya onse amene adanyamuka osafika. Ambuye awapatse mpumulo wosatha, ndipo adalitse nyumba zanu zonse.